Kalikyuleta yabwino, koma imabwerera yokha ku RAD

Kalikyuleta yasayansi imeneyi ili ndi vuto loti likhoza kumulepheretsa mwana mayeso. Mukaiika pa DEG, pomwe imawerenga ngodya m'madigiri, imagwira ntchito bwinobwino. Koma ikazima yokha, mukaiyatsanso mumapeza yabwerera ku RAD, pomwe imawerenga ngodya m'ma radian (muyezo wina wa ngodya), ndipo timalemba tosonyeza zimenezi n'tating'ono kwambiri, tili pamwamba pa sikirini pomwe diso silifikapo. Pamtengo wake uja, izi si zoti munthu n'kungozinyalanyaza.

Taonani zomwe zimachitika. sin 30° ndi 0.5, koma pa RAD imatulutsa −0.988, chifukwa 30 ija ikuiwerenga ngati ma radian 30, omwe ndi madigiri pafupifupi 1,719. cos 60° nayonso ndi 0.5, koma imatuluka −0.952. Apa bola, chizindikiro cha minus chimakudzidzimutsani. Choopsa ndi pamene yankho lolakwika likuoneka ngati lolondola. Tengani sin 30° cos 60° + cos 30° sin 60°. Pamanja ndi ½ × ½ kuphatikiza √3/2 × √3/2, ndiye kuti ¼ + ¾, yankho 1, ndipo zikugwirizana ndi sin 90°. Kalikyuletayi ili pa RAD imapereka 0.894. Nambala yosapitirira 1, yopanda minus, wophunzira angaikayikire bwanji? sin 45° imatuluka 0.851 m'malo mwa 0.707. Amangolemba n'kupitirira, funso lonse lapita.

Chimene chandikwiyitsa kwambiri ndi wogulitsa. Nditamufotokozera, anatenga kalikyuleta ija n'kuwerengetsa sin² 45 + cos² 45, itatulutsa 1 n'kunena kuti ilibe vuto, ndine amene sindidziwa kuigwiritsa ntchito. Kuyesa kumeneko sikutsimikizira kalikonse! sin²θ + cos²θ imakhala 1 pa ngodya iliyonse, kaya muli pa DEG, pa RAD kapena pa GRA (muyezo wachitatu wa ngodya, wa ma gradian). Pa RAD paja inali ikuwerengetsa 0.851² + 0.525², zomwe zimabwererabe ku 1. Munthu wogulitsa zida za masamu ayenera kudziwa zimenezi, ndipo ngati sakudziwa, amvetsere kasitomala. Kusintha anakana, ndipo kapepala ka malangizo kam'bokosi sikatchula n'komwe kuti kalikyuletayi imabwerera ku RAD ikazima.

Njira yoyenera yoyesera ndi imodzi, yosatenga nthawi. Mukangoiyatsa, dinani sin 30. Ikapereka 0.5 muli pa DEG. Ikapereka −0.988 muli pa RAD. Ikapereka 0.454 muli pa GRA, pomwe 30 ndi madigiri 27 okha. Chitani zimenezi nthawi iliyonse, ngakhale pakati pa mayeso.

Komabe ndinene chilungamo, ikakhala pa DEG masamu ake ndi olondola. cos 90° imapereka 0 weniweni, osati kanambala kakang'ono ngati 6.1 × 10⁻¹⁷ komwe mapulogalamu ena a pakompyuta amatulutsa. tan 90° imalemba Error, ndipo n'zoyenera, chifukwa pamenepo mukugawa sin 90° ndi cos 90° yomwe ndi 0. Zizindikiro imazipeza bwino: cos 120° ndi −0.5, sin 210° ndi −0.5, cos 300° ndi 0.5. Mabatani ndi olimba, batire likukhalitsa.

Pali msampha wina womwe sindingaimbe nawo mlandu kalikyuletayi, chifukwa ambiri amtunduwu amatero. Mukadina sin imatsegula yokha bulaketi. Mukafuna sin² 30° n'kudina sin, 30, x² musanatseke bulaketi, imawerengetsa sin 900°, yomwe ndi chimodzimodzi sin 180°, yankho 0. Tsekani kaye bulaketi, kenako x², mupeza 0.25.

Dziwaninso kuti imapereka madesimo okhaokha. cos 30° imatuluka 0.8660254, osati √3/2, ndiye funso likafuna yankho lenileni lokhala ndi √, sikuthandizani. Pamenepa mutu wanu ndi umene ugwire ntchito. Sine wa 0°, 30°, 45°, 60° ndi 90° ndi √0/2, √1/2, √2/2, √3/2 ndi √4/2, ndipo cosine ndi mndandanda womwewo kuyambira kumapeto. Wodziwa mndandandawu amaugwira msanga bodza la RAD, chifukwa akaona 0.851 pa sin 45° amadziwa kuti pasokonekera.

Ndinkafuna kupereka nyenyezi imodzi chifukwa cha wogulitsa uja, koma ndapereka zitatu. Musanalipire, iikeni pa DEG, muidikire izime yokha, muiyatsenso, n'kudina sin 30 wogulitsayo akuona.