Ndodo kapena mawu: njira ziwiri za Akhristu polanga mwana

Makolo anzanga, nkhani ya kulanga ana ikatuluka pa msonkhano wa mabanja kutchalitchi, anthu sachedwa kugawikana. Ena amatsegula Miyambo 13:24, pamene pakuti wosagwira ndodo amada mwana wake. Ena amathamangira pa Aefeso 6:4, pomwe Paulo akuuza atate kuti asakwiyitse ana awo. Onsewa amakonda ana awo, ndipo Baibulo lomwe anyamula ndi limodzi.

Tiyambe ndi a ndodo. Amene anaikonza bwino njirayi m'zaka zathu zino ndi James Dobson wa ku America, yemwe analemba buku lotchedwa Dare to Discipline mu 1970 n'kuyambitsa bungwe lachikhristu loona za mabanja la Focus on the Family mu 1977. Iye anaika malire: khanda silimenyedwa, mwana wosinkhuka samenyedwa, ndipo chikwapu chimabwera pa mwano wadala basi, osati poti mwana waswa mbale mwangozi. Ukatero umufungatire. Ngakhale Papa Francis, mu February 2015, anayamikira bambo wina amene ananena kuti nthawi zina amamenya ana ake koma osati kumaso, pofuna kusunga ulemu wawo.

Chimene ndimawalemekezera anthu amenewa n'chakuti amaopa kulekerera mwana. Eli anaweruzidwa chifukwa ana ake ankachita zonyansa iye osawaletsa, monga tikuwerenga pa 1 Samueli 3:13. Za Adoniya, 1 Mafumu 1:6 akunena kuti Davide sanamufunsepo n'kamodzi komwe chifukwa chimene ankachitira zimene ankachitazo, ndipo mapeto ake mwanayo anadzilonga ufumu bambo ake ali moyo. M'mera n'poyamba, pamenepo sitikangana.

Koma tawerengani mofatsa. Malire a Dobson aja mulibe m'buku la Miyambo. Pa 26:3 ndodo ndi ya pamsana pa chitsiru, pa 20:30 akukamba za mikwingwirima yotsuka zoipa, ndipo Deuteronomo 21:18-21 akulamula kuti mwana wopanduka aponyedwe miyala. Palibe m'busa lero amene angalalikire zimenezo. William Webb, mphunzitsi wa za Baibulo wa ku Canada, anaonetsa mfundo imeneyi mu 2011: a ndodo nawonso anachoka kale pa zilembo zenizenizo n'kufewetsa chilango chifukwa cha chifundo cha Khristu. Ngati chifundocho chinawafikitsa pa makofi awiri a pamatako, chingalephere bwanji kuwafikitsa poisiyiratu ndodoyo?

Chondivuta kwambiri ndi zimene zimachitika m'nyumba zathu. Ndani mwa ife amayamba wapemphera, mtima n'kutsika, kenako n'kukathyola kakamtengo? Timagwira chimene chili pafupi, kaya ndi mthiko, lamba kapena patapata, ndipo timagwira mtima uli m'mwamba. Nkhani za ana ootchedwa manja chifukwa choba ndiwo mumphika timazimva pa wailesi. Palibe mbali imene imavomereza zimenezo, komabe dzanja lozolowera kumenya silidziwa poimira likapsa mtima.

Njira yopanda ndodo ena amaiyesa yachilendo, yobwera ndi mabungwe. Ayi. Don Bosco, wansembe wa ku Turin ku Italy amene ankalera anyamata osauka ndi a m'misewu, analemba mu 1877 kuti kumenya mwana, kumugwaditsa mopweteka ndi kumukoka makutu n'zoyenera kupewedwa kotheratu. Iye anatsamira pa zinthu zitatu: kukambirana mwanzeru, chipembedzo ndi chikondi chooneka. Otsatira ake ndi amene ali ku Don Bosco ku Area 23 ku Lilongwe. Mpingo wa United Methodist nawo unagwirizana mu 2004 zolimbikitsa makolo kulanga osamenya.

A mbali iyi amakonda kunena kuti ndodo ya m'Baibulo ndi ya m'busa wa nkhosa, yotonthoza, monga pa Salimo 23:4. Ine mfundo imeneyo siindikwanira, chifukwa Miyambo 23:13-14 ikunena kumenya mosabisa. Mphamvu yawo ili pena. Akolose 3:21 akuchenjeza kuti mwana wovutitsidwa amataya mtima, ndipo Yesu sitimuona akukweza dzanja pa mwana, timamuona akuwayangata n'kuwadalitsa. Ofufuza nawo akuwaikira kumbuyo. Mu 2016 Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka 50 wokhudza ana oposa 160,000, ndipo anapeza kuti kumenya kumayendera limodzi ndi ukali, kusamvera ndi mavuto a m'maganizo. Phindu lokhalitsa sanalipeze.

Tisanamizane kuti njirayi ndi yopepuka. Chikwapu chimatenga mphindi imodzi, pomwe kukhala pansi ndi mwana, kumulanda chimene amakonda, n'kusunga mawu ako mpaka sabata itatha, zimafuna nthawi imene mayi wa ana asanu wochokera kumunda alibe. Agogo nawo adzakuuzani kuti mukumuwononga mwanayo. Ndipo ndaona makolo amene anasiya lamba n'kuyamba kutukwana. Mawu oti "chitsiru iwe, sudzapindula kanthu" amapweteka zaka zambiri kuposa chikwapu. Ena anangosiya kulanga kulikonse, n'kukhala Eli wa lero.

Amene muli kunja, dziwaninso malamulo. Ku South Africa khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula mu September 2019 kuti kholo lilibenso chodzitetezera likamenya mwana, ngakhale gulu la Freedom of Religion South Africa linalimbana nazo. Zambia inaletsa mu 2022, Scotland mu 2020, Wales mu 2022, pomwe ku England chilango chochepa chikuloledwabe.

Ine ndinakulira pa ndodo, ndipo makolo anga sindiwada. Koma ndinaisiya tsiku limene ndinakweza dzanja kuti nditenge kapu pa shelefu, mwana wanga wa zaka zisanu ndi ziwiri n'kudziphimba kumutu. Patapita miyezi anatenga ndalama ya ndiwo n'kukagula mandasi. Ndinamupempha kuti afotokoze yekha pamaso pa amayi ake, anapepesa, ndipo kwa masabata awiri sanapite kukasewera mpira, ankathirira dimba madzulo mpaka ndalamayo itakwana. Analira kwambiri tsiku loyamba. Pa tsiku lachinayi anabwera yekha kudzandiuza za ndalama inanso imene anatenga mwezi wa m'mbuyo mwake, imene ine ndi amayi ake sitinkaidziwa n'komwe.