Mpunga wokazinga, ma noodles ndi dal: chiti chimagwirizana ndi mbaula yathu?

Anzanga amene mumafuna kusinthako m'kamwa pakati pa sabata, pali zakudya zitatu za ku Asia zimene ndimaphika mosinthanasinthana kunyumba kwanga: mpunga wokazinga wa ku China, ma noodles okazinga otchedwa chow mein, ndi dal wa ku India, ndiwo yonga chipere. Zonsezi anthu amati n'zosavuta. Koma mukaziika pa mbaula ya makala m'pamene mumaona kuti chilichonse chili ndi khalidwe lake, ndipo chimene chimasiyanitsa kwambiri ndi moto.

Ndiyambe ndi mpunga, chifukwa ndi umene ndimaukonda. Chinsinsi chake ndi mkute. Mpunga wongophula kumene umakhala ndi chinyezi chambiri, ndiye ukagwera m'mafuta umamatana n'kukhala chibuma. Wogona m'furiji umauma kunja, ndipo mbewu iliyonse imayenda payokha m'chiwaya. Kilombero wathu wa ku Karonga amakoma kwambiri pa ntchitoyi chifukwa cha fungo lake, koma ndi wofewa, choncho pomuphika ndimachepetsako madzi. Ngati mulibe furiji, musagoneke mpunga mupoto kuti mudzakazinge mawa. Mumpunga mumakhala kachilombo kotchedwa Bacillus cereus, kamene sikafa ndi kuwiritsa, ndipo mpunga ukakhalitsa pofunda kamachulukana n'kusiya poizoni amene kukazinga sikumuchotsa. Phikani tsiku lomwelo, muyanike pa thireyi kapena pa lichero loyera kwa mphindi 30 mpaka nthunzi ithe, kenako kazingani.

Pa makapu 3 a mpunga wophika ndimaika mazira 2, adyo, kaloti ndi zitheba zoduladula timizidutswa, anyezi wamasamba, ndi masupuni 2 a sosi wa soya. Mazira ndimayamba kukazinga n'kuwaika pambali. Kenako adyo ndi ndiwo zamasamba, kenako mpunga, n'kumaphwanya zibuma ndi kumsana kwa chipande. Sosi musathire pakati pa mpunga. Thirani m'mphepete mwa chiwaya kuti achite "tswee" pachitsulo chotentha asanafike pa mpunga, ndipo mumva fungo likusintha nthawi yomweyo. Mphindi 15 zokha chakudya chili patebulo. Ku Indonesia mpunga womwewu amautcha nasi goreng ndipo amathira sosi wa soya wotsekemera, kecap manis. Inu mukhoza kuyandikira kukomako powonjezera tiyisupuni ya shuga wabulauni ndi kambuzi pang'ono.

Pa nkhani ya sosiyu ndichenjezeko. Supuni imodzi yaikulu imakhala ndi mchere wokwana pafupifupi theka la tiyisupuni, ndiye musathire mchere wina musanalawe. Werenganinso zolembedwa pabotolo. Wofululidwa bwino, monga Kikkoman wa ku Japan, amapangidwa ndi madzi, soya, tirigu ndi mchere basi. Amakwera mtengo, koma botolo limodzi limakhalitsa chifukwa mumathira pang'onopang'ono.

Ma noodles ndiwo ana amawakuwira kwambiri, komanso ndiwo amavuta kuposa zinzake. Tsiku loyamba ndinaphikira anthu 6 mupoto mmodzi. Ndinathira kabichi, chainizi, kaloti ndi nkhuku zonse pamodzi, motowo unali utayamba kale kuzilala. Masamba anatulutsa madzi, madziwo anadzaza pansi pa poto, ndipo m'malo mokazingika zonse zinayamba kuwira. Ma noodles anafewa mpaka kuduka okha. Anthu a ku Guangdong, kum'mwera kwa China, ali ndi mawu akuti wok hei, kutanthauza kafungo kautsi kamene chakudya chimatenga m'chiwaya chotentha kwambiri, ndipo tsikulo kafungoko kunalibe n'komwe.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti mbaula si vuto. Makala akayaka onse n'kufiira, moto wake umaposa wa mbale zambiri zamagetsi. Vuto ndi kudzaza. Kazingani za anthu awiri pa nthawi imodzi, nyama payokha, masamba paokha, kenako n'kuphatikiza kumapeto. Chiwaya chachitsulo chonga cha anyamata a tchipisi, chaching'ono chake, chimagwira bwino ntchitoyi chifukwa n'chozama pakati ngati wok, chiwaya chokazingira cha ku China. Zonse muduliretu musanaike chiwaya pamoto, popeza mukayamba mulibenso mpata wosenda adyo. Apa m'pamene chow mein amagonjera mpunga: wa banja lalikulu amaima pambaula katatu kapena kanayi, oyamba kulandira akudya, omaliza akudikira.

Komabe pali zinthu ziwiri zimene soda wathu wophikira therere amachita pa chakudyachi, ndipo n'zoyenera kuzidziwa. Ma noodles achikasu a ku China ndi ramen wa ku Japan amakandidwa ndi madzi okhala ndi mchere wamtundu wa soda, n'chifukwa chake amatafunika motanuka. Mukawiritsa spaghetti m'madzi othira matiyisupuni 2 a soda pa lita imodzi, amasanduka wachikasu n'kutanuka chimodzimodzi. Gwiritsani poto wamkulu chifukwa thovu limakwera, ndipo mutsukuluze ndi madzi ozizira kuti kuwawa kwa soda kuchoke. Chachiwiri ndi nyama. Chidali cha nkhuku kapena nyama ya ng'ombe yodula mopyapyala, mukaipaka theka la tiyisupuni ya soda pa magalamu 250, n'kuisiya mphindi 20, n'kuitsuka bwino, imafewa ngati ya kumalo odyera a Chitchaina. Nyama ya soya nayonso imalowa bwino mu chow mein, bola muifinye madzi onse mutaiviika.

Dal ndi wosiyana ndi ziwirizi. Sathamanga, safuna moto waukali, safuna sosi wa soya. Ndipo kwa ife si mlendo: amene anakula akudya chipere amuzindikira pa supuni yoyamba. Toor dal amene amadyedwa tsiku ndi tsiku ku India ndi nandolo wochotsa makoko n'kumugawa pakati, nandolo yemweyu wa ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Wambiri amene alimi athu amakolola amapita komweko, ndipo mu 2021 maboma a India ndi Malawi anasainirana mgwirizano woti India azigula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Zimandikhudza kuti mbewu imene timaitumiza kutali chonchi, ambiri a ife sitinalawepo mmene ogulawo amaiphikira.

Kapu imodzi ya toor dal muiviike kwa ola limodzi, kenako muwiritse ndi makapu 3 kapena 4 a madzi, theka la tiyisupuni ya chikasu ndi tomato mmodzi, mpaka asungunuke. Pa makala zimatenga mphindi 45 kapena ola. Mukafuna zachangu, gulani masoor, dal wofiirira uja, amene amapsa mu mphindi 20 osaviika. Mpaka apa n'chipere ndithu. Kusiyana kumabwera ndi tadka: mumatenthetsa mafuta masupuni 2 m'kafelempani, n'kuponyamo timbewu tonunkhira ta jeera (cumin pa Chingelezi) mpaka tithetheke, kenako adyo, jinja ndi tsabola wouma, adyoyo akangoyamba kufiira n'kukhuthulira zonse pamwamba pa dal. Vundikirani msanga kuti fungo lisathawe. Jeera ndi dal zimapezeka m'masitolo a amwenye ku Limbe ndi ku Lilongwe.

Pa mtengo, dal ndiye amapepuka chifukwa safuna nyama kapena mazira, ngakhale amadya makala ambiri. Pa kukhululuka, palibe womuposa: mukamuiwala pang'ono mumangowonjezera madzi, ndipo poto mmodzi amakwanira nyumba yonse. Ndi yekhayonso pa zitatuzi amene amayenda ndi nsima, choncho agogo akabwera kudzacheza sindivutika kuphika pawiri.

Kwa amene akuyamba kumene, ine ndingati yambani ndi mpunga. Umafuna chinthu chimodzi chokha chachilendo, botolo la sosi wa soya, ndipo umakuphunzitsani kusunga moto ndi kusadzaza chiwaya, zimene mudzazifune pa ma noodles. Chow mein musungire Loweruka, pamene muli ndi nthawi yodula masamba komanso wina wokupizira mbaula. Dal ndimaphika Lamlungu madzulo ndi mpunga wochulukirapo dala, kuti wotsalawo ulowe m'furiji ukangozizira, Lolemba ndidzaukazinge ndi mazira ana asanayambe kufunsa za chakudya.