Eriyo ya ndodo ndi koyilo: pa 20 ndi 40 yandisangalatsa, pa 80 inandipusitsa

Ndakhala nayo miyezi 7 eriyo imeneyi ya wailesi yolankhulirana ya ma amateur (ham radio), ndatuluka nayo kambirimbiri, ndiye ndati ndilembeko zomwe ndaona poti ine ndisanagule ndinasowa wondiuza chilungamo. Ndi ija ya ndodo yachitsulo yochita kukoka, yotalika mamita 5.2, pansi pali koyilo yokhala ndi kapini kosuntha, chikhomo chozika pansi ndi mawaya anayi oyala pansi otchedwa ma radial. Zonse zimakwana mu kachikwama kamodzi, ndimaponyamonso wailesi yanga ya mawati 20 ndi batire ya LiFePO4 nkumayenda osamva kuti ndasenza kanthu. Kuimika ndi mphindi 10 basi, osafuna mtengo, osaponya chingwe m'mwamba.

Pa bandi ya 20 mita (mabandi timawatchula ndi kutalika kwa funde lake, 20, 40, 80) ndilibe nayo mawu. Kotala ya funde pa 14 MHz, yomwe ndi bandi ya 20, ndi pafupifupi mamita 5, ndiye ndodoyo payokha ndi eriyo yokwanira, koyilo mumangoidumpha. Pa 40 koyilo imayamba kugwira ntchito ndipo zimayendabe bwino, pa FT8 (mauthenga a pa kompyuta) pa 7.074 MHz ndimakola ma station akutali osavutika, pa SSB (kulankhula ndi mawu) madzulo amandimva ngakhale ena amati ndibwereze callsign, dzina langa la pa wailesi.

Nkhani ili pa 80, ndipo ndi bandi yomwe ndinagulira. Tsiku loyamba ndasuntha kapini mpaka kumapeto kwa koyilo, ndalumikiza NanoVNA, kamita koyezera eriyo, SWR 1.3 pa 3.6 MHz (SWR ndi muyeso wa momwe eriyo ikugwirizanira ndi wailesi, ikayandikira 1 timati zili bwino). Ndinaseka ndekha kuti eee ndatola chikwama apa. Ndinaitana CQ (kuitana aliyense amene akumva) ola lathunthu mpaka kummero kuuma, zii, pomwe ineyo ndikuwamva anthu akucheza bwinobwino. Ndinayamba kukayikira maiki, kenako kebulo, kenako batire, kumasula uku kumanga uku, osadziwa kuti vuto ndi SWR yokongola yomwe ndimanyadirayo.

Onani masamu ake. Funde la 3.6 MHz ndi lotalika mamita pafupifupi 83, kotala yake ndi mamita 20 ndi kanthu, pomwe ndodo yathu ndi 5.2, kutanthauza kuti ndi kotala ya kotala. Eriyo yoima yokwana kotala imakhala ndi radiation resistance (gawo la resistance lomwe limatulutsa mphamvu kupita mu mlengalenga) ya ma ohm pafupifupi 36, koma kandodo kafupi chonchi pa 80 sikafika ndi ma ohm awiri omwe. Tsono mita ikamati SWR 1.3, ikuona ma ohm cha m'ma 38, ndiye dzifunseni kuti 36 enawo achokera kuti. Ndi dothi ndi koyilo zomwe zikudya mphamvu nkuisandutsa kutentha. Pa mawati 20 anga aja, omwe amapita mu mlengalenga anali ngati wati imodzi, ena onse ndimawotchera nyerere. Dummy load, ija yongoyesera wailesi m'malo mwa eriyo, nayonso SWR yake ndi 1:1 komatu palibe amene amalankhula nayo kutali.

Nditazindikira ndinadula mawaya ena 12 nkuwayala pansi kuphatikiza pa anayi aja. SWR inaipa, inakwera kufika 2.2, koma pa WSPR (pomwe ma station ena amakuuzani mphamvu ya siginolo yanu) ma report anakwera ndi ma dB awiri kapena atatu, ndipo kwa nthawi yoyamba munthu anandiyankha pa SSB. Zoti SWR ikuipa eriyo nkumagwira bwino mutu wanga unatenga nthawi kuti uvomere, koma ndi momwe zilili, mwachepetsa zotayika ndiye resistance yatsika kutalikirana ndi ma ohm 50 omwe wailesi imafuna. Tchuna ya mu wailesi, kachipangizo kogwirizanitsa eriyo ndi wailesi, imakonza zotsalazo. Choipa chake bandwidth inachepanso, mukangosuntha ma kHz 30 kapena 40 muyenera kudzuka kukasuntha kapini, ndipo poti thupi lanu likayandikira koyilo resonance imasuntha, mumatchuna, kubwerera mmbuyo, kuyang'ana mita, kupitanso, ngati gule. Kukakhala mphepo ndodo ikamagwedera manambala nawo amavina.

Palinso china chomwe si vuto la opanga koma ndi bwino mudziwe. Eriyo yoima imaponya siginolo chammbali, osati m'mwamba, pomwe pa 80 anzanu omwe ali makilomita 200 kapena 300 mumawapeza ndi siginolo yokwera molunjika nkubwerera pansi, ija amati NVIS. Mnzanga wina anabwera ndi dipole, eriyo yopingasa ya waya wamba mamita 40, anaikweza pakati mamita 6 okha, ndipo usiku umenewo ma station apafupi onse amamumva iyeyo, ine amati ndili mu phokoso. Zinandiwawa chifukwa yake ndi waya wotola.

Pa kapangidwe, koyilo ndi yolimba, yakulungidwa bwino, pomangira pake pa 3/8-24 pamagwira osagwedera. Koma kapini kaja kanayamba dzimbiri patangotha milungu ingapo chifukwa cha mame, SWR nkumadumphadumpha yokha, ndinawalembera ogulitsa, anayankha patatha masabata awiri koma anatumiza kena kwaulere, pamenepo ndiwayamike. Chigawo chapamwamba cha ndodo ndi chowonda kwambiri, changa chinapindika tsiku lina la mphepo ndipo mpaka lero chimalowa mokakamiza. Kapepala ka malangizo ndi tsamba limodzi, sikanena chilichonse za choke yotchinga RF, mphamvu ya wailesi, kuti isabwerere pa kebulo, ine ndinadziwira pomwe maiki inandiluma pa mlomo, RF ikubwerera pa kebulo. Ndinapanga choke pokulunga kebulo ya RG-58 maulendo 12 pa mphete ya ferrite ya FT240-43, zinatha. Komanso chonde musagwire ndodo kapena pamwamba pa koyilo wina akamatumiza, voteji yake pamenepo ndi yokwera ngakhale pa mawati ochepa, imawotcha.

Ndaipatsa nyenyezi zitatu ndi theka. Ikanalembedwa kuti ndi ya 40 kukwera mpaka 10 ndikanapereka zisanu osaganiza kawiri, koma pa bokosi analemba 80 ndi zilembo zikuluzikulu osanenapo kuti ma radial anayi sakwanira. Panopa ndimainyamulabe ulendo uliwonse, koma mu kachikwama komweko ndinawonjezeramo waya wa mamita 40 ndi chingwe choponyera mu mtengo, dzuwa likalowa ndikafuna 80 ndimamasula ndodo nkukweza wayawo.