RFCOMM, BLE kapena Wi-Fi: kulumikiza mafoni angapo ku chida chimodzi nthawi imodzi

Anzanga olemba ma app, nkhani iyi anthu amandifunsa kawirikawiri ndiye ndati ndingoifotokoza kamodzi mmene ndinaionera ine. Ntchito yomwe ndinapatsidwa pongoimva inali yophweka, tabuleti imodzi ikhale pakati, mafoni angapo a anyamata olemba matumba pa sikelo azitumiza manambala ku tabuletiyo nthawi imodzi, kenako tabuleti izitulutsa lisiti pa kapulinta kakang'ono. Malo ake ndi aja oti netiweki mpaka ukwere pa chulu, ndiye za intaneti iwalani. Zida zonse zili mu shedi imodzi, mamita ochepa chabe. Njira zinalipo zitatu, Bluetooth yakale ija ya RFCOMM, BLE (Bluetooth Low Energy, yosadya batire kwambiri), ndi Wi-Fi, ndipo zonse zitatu ndinalimbana nazo.

Ndinayambira pa RFCOMM monga amachitira aliyense, chifukwa chitsanzo cha BluetoothChat cha Android ndi chomwe umayamba kukumana nacho. RFCOMM anaipanga kuti itenge malo a chingwe cha serial, RS-232, ndiye soketi ikangotseguka uli ndi InputStream ndi OutputStream, umalemba, umawerenga, basi, kukoma kwake ndi kumeneko. Kumbali yodikira umaitana listenUsingRfcommWithServiceRecord ndi UUID yako, nambala yaitali yozindikiritsa sevisi yako, kenako accept, kumbali yoyimba createRfcommSocketToServiceRecord kenako connect. Mafoni awiri amalankhulana tsiku lomwelo, iwe nkumaona ngati wamaliza. Koma chitsanzo chija ndi cha zida ziwiri zokha, ndipo mavuto amayamba ukabweretsa foni yachitatu ndi yachinayi.

Choyamba pali malire omwe simungawalumphe olo khodi yanu ikhale yabwino bwanji. Mu Bluetooth Classic, yakale ija yomwe RFCOMM imayendapo, chida chimodzi chimakhala master, zinazo zimatsatira wotchi yake, ndipo zotsatirazo sizipitirira 7 pa nthawi imodzi chifukwa adiresi yake ndi ya ma bit 3 okha, nambala imodzi nkukhala yolengezera onse. Komanso 7 imeneyo si ya app yanu yokha ayi, hedifoni kapena pulinta yomwe yalumikizidwa kale yadya malo ake pomwepo. Liwiro nalo ndi logawana, pa EDR, mtundu wake wothamanga, pamwamba penipeni ndi 3 Mbit/s, yofika mmanja ndi cha mma 2, ndipo master amayendera zida zake mosinthana ngati mayi wogawa phala, ana akachuluka chipande chimachedwa kufika. Kwa ine mafoni atatu ankayenda bwinobwino, pa anayi ndi asanu zinayamba zodukaduka.

Chomwe chinandichedwetsa masiku ambiri ndi ichi, ndipo ndikufuna muchimvetse. Chida chomwe chayambitsa kulumikizana ndi chomwe chimayamba chili master. Ndiye mukaika tabuleti pa accept nkumadikira mafoni aziyimba, foni iliyonse ikubwera ngati master wa kagulu kakekake, tabuleti yanu nkukhala wantchito wa mabwana anayi, aliyense ndi wotchi yake, pokhapokha ma chip agwirizane kusinthana udindo. Kusinthanako kulipo mu Bluetooth koma pa Android app ilibe batani lolamulira zimenezo, zimatengera chip ndi stack ya foniyo. Nditatembenuza, mafoni akhale odikira, tabuleti iziyimba yokha mmodzimmodzi, kumaliza uyu kenako uyo, zinthu zinakhazikika kwambiri. Ndipo musaiwale cancelDiscovery musanaitane connect, kusaka zida kumatenga masekondi pafupifupi 12 ndipo nthawi yonseyo wailesi imakhala yotanganidwa, olo soketi zotseguka kale zimayenda mokwawa.

Palinso ija yoti malangizo a Android amanena kuti RFCOMM imalola kasitomala mmodzi pa tchanelo chimodzi, matchanelo ake ndi 1 mpaka 30, nchifukwa chake mumaona anthu akupanga ma UUID 7 osiyana, foni nkumayesa limodzi limodzi mpaka ipeze khomo lotseguka. Imagwira, koma foni yomaliza imadikira nthawi yaitali ikugogoda makomo otseka.

Za ma thread ndiye konzekani. accept imaima kudikira, connect imaima, read imaima, ndipo BluetoothSocket simungaiike mu Selector ngati soketi ya TCP, ndiye soketi iliyonse ikhale ndi thread yake yowerenga, ndipo njira yokhayo yodzutsira thread yomwe yakakamira pa read ndi kutseka soketiyo kuchokera ku thread ina nkugwira IOException. Pa Linux ndi BlueZ, stack yake ya Bluetooth, nkhani ndi ina, soketi ya Bluetooth ndi file descriptor ngati ina iliyonse, mu Python mumangotsegula ndi AF_BLUETOOTH ndi BTPROTO_RFCOMM nkuziponya zonse mu poll kapena epoll, thread imodzi yakwana. Ngati pakatipo mungaikepo Raspberry Pi mmalo mwa tabuleti khodi yake imakhala yaudongo kwambiri, koma 7 uja sachoka. Ndipo ngati pagululo pali wa iPhone, RFCOMM yatha pomwepo, Apple salola app wamba kutsegula SPP, njira ya serial yoyenda pa RFCOMM, popanda chida cha mu pulogalamu yawo ya MFi.

BLE ndi nyama ina, dzina lokha ndi lomwe likufanana. Inabwera ndi Bluetooth 4.0 mu 2010, Android inayamba kuilandira pa 4.3 mu 2013. Malire a 7 a piconet, kagulu kaja ka master ndi zomutsatira, kuno kulibe, chiwerengero chimatengera chip ndi stack, batire imadya pang'ono zedi, ndipo imagwira ku Android ndi ku iPhone komwe. Koma munthu wozolowera soketi akafika pa GATT, njira yomwe BLE imatumizirana mauthenga, amaona ngati walowa mnyumba ya eni. Palibe stream, pali ma characteristic ndi ma callback, MTU yoyambira, kukula kwa paketi imodzi, ndi mabayiti 23, atatu nkupita ku mutu, otsala anu 20 basi, mpaka mupemphe yaikulu ndi requestMtu, yomwe pa Android imafika 517 ngati mbali inayo yavomera. Ndipo pa chida chilichonse mutumize ntchito imodzi, mudikire callback yake, kenako inayo, mukathamanga yachiwiri imangokanidwa, ndiye mzere wodikirira mudzipangire nokha, chida chilichonse wakewake. Amene anayesapo akuidziwa status 133 ija yomwe imabwera osanena chomwe chalakwika, ine imandipeza kwambiri ndikayesa kulumikiza zida ziwiri kamodzinkamodzi kapena ndikaiwala close pa BluetoothGatt yakale.

Chomwe ambiri sadziwa nchoti BLE nayo ili ndi soketi yeniyeni, L2CAP CoC. iOS ili nayo kuyambira 11 mu 2017, Android kuyambira 10 mu 2019, mumaitana listenUsingL2capChannel mbali ino, createL2capChannel mbali inayo, nkupeza BluetoothSocket yomwe ija ya ma stream. Kamtengo kopunthwitsa ndi nambala ya PSM, yomwe ili ngati port ya soketiyo, foni imaisankha yokha nthawi yomwe mwatsegula, ndiye muitenge ndi getPsm nkumuuza mnzanuyo kudzera mu characteristic kapena mu advertisement. Ineyo njira iyi ndimaikonda kwambiri, ndipo ndikanakhala kuti mafoni onse ndikugula ndine ndikanatenga imeneyi. Koma mafoni omwe anyamata aja anali nawo mmatumba, ena anali a Android 8 ndi 9, ndipo sungauze munthu kuti akagule foni ina chifukwa cha app yako.

Ndiye ndinafika pa Wi-Fi, yomwe poyamba ndinkaipewa poganiza kuti ikufuna rauta ndi bandulo. Ayi ndithu. Tabuleti imayatsa hotspot, mafoni nkulowa, kenako ndi TCP wamba yomwe tonse tinaphunzira, ServerSocket imodzi pa port imodzi, makasitomala onse kulowera khomo lomwelo, mukafuna Selector ilipo, mukafuna kuyesa pa laputopu musanapite kumudzi mumayesa. Kuyambira Android 8.0 pali startLocalOnlyHotspot yopangidwira zimenezi, hotspot yopanda intaneti, tabuleti imapeka yokha dzina ndi pasiwedi, ine ndinangoziika pa QR code anthu azijambula. Mafoni ambiri hotspot yawo imalandira zida cha mma 10, ndipo liwiro lake Bluetooth siyandikirako, olo zithunzi za matumba zimadutsa osamva kulemera. Wi-Fi Direct nayo ilipo kuyambira Android 4.0, mwini gulu amakhala pa 192.168.49.1 nthawi zonse ndiye adiresi simusaka, koma kukambirana kwake koti mwini gulu akhale ndani komanso timauthenga tovomereza totuluka pa sikirini tinkasokoneza anthu, ndinaisiya.

Wi-Fi ili ndi minga yake iwiri yomwe inandibaya. Yoyamba, foni ikaona kuti Wi-Fi iyi ilibe intaneti pomwe data ili yoyatsa, imatha kutumiza soketi yanu kudzera ku netiweki ya foni, inu nkumadabwa kuti talumikizana koma connect ikungothera timeout. Mankhwala ake ndi kupempha Network ya Wi-Fi ija kwa ConnectivityManager nkumangirira app yanu pamenepo ndi bindProcessToNetwork, yomwe ilipo kuyambira Android 6. Yachiwiri, munthu akatuluka mu shedi ndi foni mthumba, TCP siidziwa msanga kuti mnzake wapita, read imangokhala phee kudikira, pomwe Bluetooth imazindikira yokha pakapita masekondi angapo nkudula. Ndiye ikani kauthenga kofunsana moyo masekondi angapo aliwonse, osayankha kawiri katatu mtsekereni soketi. Batire ndiye Wi-Fi imadyadi, tabuleti ya hotspot imatentha, yathu inkakhala pa power bank tsiku lonse.

Nearby Connections ya Google ndingoitchula podutsa, imasankha yokha pakati pa Bluetooth, BLE ndi Wi-Fi ndipo njira yake ya P2P_STAR ndi ndendende chimodzi pakati ena mmbali, koma imafuna Google Play services ndipo soketi simuiona, zikavuta mulibe pogwira.

Kanthu kamodzi nkofanana pa RFCOMM ndi TCP, stream sidziwa pomwe uthenga wanu wathera. Mutumiza mauthenga awiri afika ataphatikana, mutumiza umodzi ufika zidutswa ziwiri, ndipo ndi foni imodzi pa desiki simungazione, zimaonekera zida zikachuluka. Yambani uthenga uliwonse ndi kutalika kwake, wowerenga awerenge mpaka akwanitse. Komanso pa Android 12 kupita mtsogolo BLUETOOTH_CONNECT ndi BLUETOOTH_SCAN muzipemphe app ikuyenda, pa akale kuyambira 6 kusaka zida kumafuna chilolezo cha location.

A ma sensa, ngati zida zanu ndi ma ESP32, ma chip aang'ono okhala ndi Wi-Fi ndi Bluetooth, otumiza tinambala tochepa pa batire, pitani BLE osacheuka, ndipo pogula muonetsetse, ESP32 yoyamba ija ili ndi Classic ndi BLE zonse, koma C3 ndi S3 ndi BLE yokha, khodi ya SPP siigwira pamenepo. HC-05, module ya Bluetooth Classic ya SPP, imagwira chida chimodzi basi, musaiyese kukhala pakati.

Mu shedi muja mapeto ake mafoni onse anapita pa hotspot ndi TCP, RFCOMM inatsala ndi soketi imodzi yokha ya kapulinta ka malisiti, chifukwa iko kamangodziwa SPP ndi UUID yake ija yoyamba ndi 00001101. Poti Bluetooth ndi Wi-Fi zonse zimatha kukumana pa 2.4 GHz ndipo mu tabuleti zimagawana chip imodzi, lisiti linkachedwa kutuluka mafoni akamatumiza zithunzi, ndiye ndinaika kuti pulinta ikamalemba zithunzi ziyambe zadikira kaye, manambala okha ndi omwe azidutsa.