Pisitolo ya .22 yolowa chipolopolo chimodzichimodzi, patatha miyezi 11

Kabuku kamene ndimalembamo zipolopolo kakusonyeza kuti ndamaliza mabokosi 40 a zipolopolo 50 chigulireni pisitolo iyi miyezi 11 yapitayo. Ndi ya .22 Long Rifle, yotsekera ndi bawuti (chitsulo chokoka ndi dzanja chotsekera chipolopolo kumbuyo kwa mpope) ngati mfuti yaitali, ilibe magazini yosungiramo zipolopolo zingapo, ndipo mpope wake ndi wa mainchesi 10. Mumatsegula bawuti, kuikamo chipolopolo chimodzi ndi zala, kutseka, kuwombera, n'kutsegulanso kuti chigoba chituluke. Basi. Ndinaigulira kumawombera mapepala ndi tizitsulo ndikapeza mpata, osati kusaka kapena mpikisano.

Masabata oyambirira ndinkaitama pa zinthu ziwiri, kulunjika kwake ndi kusavuta kuipukuta. Zonsezo zikadali zoona. Koma mutandifunsa lero chimene muyenera kuyang'ana musanagule, sindingayambire pamenepo. Ndingayambire pa funso limene ineyo sindinadzifunse n'komwe: kodi chogwirira bawuti chili mbali iti?

Pa yanga chili kumanja, ndipo ine ndimawombera ndi dzanja lamanja. Pa mfuti yaitali zimenezo n'zoyenera, chifukwa dzanja lamanzere ndi phewa zimanyamula mfuti, lamanja n'kumasamala za bawuti. Pisitolo ilibe potsamira phewa. Dzanja lomwe lagwira chigwiriro ndi lomwelo liyenera kuchisiya, kukatsegula, kulonga, kutseka, kenako kubwerera kudzagwiranso. Ndiye kugwira kwachiwiri sikufanana ndendende ndi koyamba. Chala chachikulu chikangokwera pang'ono, kapena chikhatho chikapanikiza kuposa poyamba, chipolopolo chimakagwera pena. Mwezi wathunthu ndinkaimba mlandu zipolopolo, mpaka mnzanga wina yemwe ankandionera chapambali anandiuza kuti, "Achimwene, mfutiyo mukuipatsa moni watsopano nthawi iliyonse." Ndinaseka, koma ananena zoona.

Opanga ena anaziona kalekale zimenezi. Pa mapisitolo a Anschütz Exemplar ndi Savage Striker anaika chogwirira bawuti kumanzere dala, kuti wowombera ndi dzanja lamanja asasiye chigwiriro. Remington XP-100 ya mu 1963, imene inatchukitsa mapisitolo a bawuti ngakhale inali ya zipolopolo zazikulupo za .221 Fireball, chake chinali kumanja ngati changachi, ndipo anthu anawombera nayo bwino ndithu. Ndiye sikuti yakumanja ndi yosatheka. Ine ndinangophunzira kupendeketsa mfuti pang'ono, mpope uli cholozabe ku chandamale, n'kuwolotsa dzanja lamanzere pamwamba pake kukatsegula. Poyamba zinkaoneka ngati ndikumanga mtolo, pano zala zinazolowera. Mabowo papepala anayandikana tsiku lomwelo limene ndinasiya kuchotsa dzanja lamanja.

Chachiwiri ndi polongera. M'sitolo palibe amene amakupatsani chipolopolo kuti muyese kuika, komatu ntchito imeneyi mudzaichita maulendo zikwizikwi. Chipolopolo cha .22 LR ndi kanthu kotalika mamilimita 25 okha, ndipo mutu wake ndi wopakidwa phula loterera. M'mawa wina wozizira ndinagwetsa zitatu zotsatizana: china chinagwera pansi pa tebulo, china chinagona chopingasa m'kati mwa mfuti moti ndinachita kuitembenuza kuti chituluke, chachitatu chinalowa mopendekera ndipo nditakankha bawuti, m'mphepete mwa chemba (bowo lolowamo chipolopolo kumbuyo kwa mpope) munasenda kachidutswa ka mtovu kowala ngati chikhadabo cha mwana. Chipolopolo chosendedwa chonchi musachiyembekezere pakati pa chandamale. Mfuti zina zili ndi kangalande kogonekapo chipolopolo, bawuti n'kuchiperekeza yokha. Yanga ilibe, ndiye muyenera kulowetsa mutu wake m'bowo ndi chala.

Vutoli ndinalikulitsa ndekha nditaika scope, galasi loonera patali polunjika. Ndinasankha zomangira zazifupi kuti ikhale pafupi ndi mpope, ndipo chala chachikulu chinasowa polowera. Ndinasintha n'kuika zazitaliko. Pa scope pomwepo, samalani kuti ikhale ya pisitolo, yoonera patali ndi diso, chifukwa ya mfuti yaitali imafuna diso lili pafupi masentimita ochepa chabe, ndipo mukatambasula mikono mumangoona mdima.

Za kulunjika ndilibe dandaulo. Ndikaigoneka pa matumba a mchenga, pa mamita 25, zipolopolo zisanu zimakumana malo oti chitsekerero cha botolo chikhoza kuphimba. Pa mamita 50 zimatambasuka, koma mphepo ndi maso anga ndiye zimakhala ndi mbali yaikulu. Chimene ndaphunzira n'chakuti imakonda zipolopolo zoyenda pang'onopang'ono, zija amalemba kuti standard velocity, za mutu wa magileni 40, womwe ndi pafupifupi magalamu 2.6. Zimenezi mu mfuti yaitali zimathamanga cha m'ma mamita 330 pa sekondi, mu mpope waufupi n'kucheperako, pamene phokoso limayenda mamita 343 pa sekondi kunja kukakhala kofunda bwino. Ndiye ulendo wonse chipolopolo chimakhala kumunsi kwa liwiro la phokoso. Zothamanga kwambiri zija zimatuluka cha pamalire pomwepo, ndipo m'mfuti yangayi zimabalalika. Ndayesa zipolopolo za CCI Standard Velocity, SK ndi Eley, zonse zinachita bwino, kusiyana kwake kochepa moti pa masewera anga sikundikhudza. Chokhacho, mukasintha mtundu musaweruze msanga. Zipolopolo zisanu kapena khumi zoyamba zimayendayenda mpaka phula la mtundu watsopanowo litayala mu mpope. Zimateronso mukangomaliza kupukuta.

Kuwombera choimirira ndi nkhani ina. Kulemera kwake kuli kutsogolo, ndipo pakatha mphindi khumi mpope umayamba kulemba zilembo m'malere. Tsiku lina ndinapachika chandamale cha mpikisano wa pisitolo wa mamita 50, uja unali pa Olympics mpaka ku Rio mu 2016. Nawonso amagwiritsa ntchito .22 yolowa chimodzichimodzi, ndi dzanja limodzi, popanda scope, ndipo kabwalo ka mapointi 10 ndi ka mamilimita 50 okha. Ndinawombera khumi ndi manja awiri. Zotsatira zake tisakambe.

Kumene mfuti ya mtundu uwu imasangalatsa zedi ndi pa tinyama tachitsulo. Masewerawa anachokera ku Mexico, ndipo IHMSA, bungwe la masewerawa kwa owombera ndi pisitolo, lomwe linayamba mu 1976, limaika nkhuku pa mayadi 25, nkhumba pa 50, nkhukundembo pa 75 ndi nkhosa pa 100 kwa owombera .22. Ambiri amawombera atagona chagada, mpope atautsamiritsa pambali pa mwendo. Ndinayesa, ndipo ndi mmene ndinamvetsera chifukwa chake mpope wautali chonchi ulipo. Pa nkhosa mumakoka trigger (kachitsulo kowombera), n'kudikira kamphindi, kenako mumamva "ngwee" kuchokera kutali. Kaphokoso kameneko ndi kamene kanandimalizitsa mabokosi ambiri mwa 40 aja.

Chinawonongeka n'chiyani? Kunena zoona palibe chinathyoka, koma mwezi wachisanu ndi chimodzi zigoba zinayamba kukanirira. Ndikakoka bawuti, kambedza kokokera chigoba kankangodumpha, ine n'kumatokosola ndi chikhadabo. Ndinayamba kale kung'ung'udza za opanga, koma wolakwa ndinali ine. Masabata angapo m'mbuyomo ndinali nditawombera bokosi la .22 Short limene munthu anandipatsa. Zimalowa bwinobwino, koma chigoba chake n'chachifupi, ndiye mwaye ndi mtovu zimaunjikana m'chemba pamalo amene chigoba cha Long Rifle chimafika. Chikafufuma powombera, chimagwidwa pa mkombero wa litsirowo. Burashi yamkuwa, mankhwala osungunula mwaye, ndi kamtengo kosongoka kochotsera phula louma m'kampata ka kambedza kaja, vuto linatha madzulo amodzi. Apa ndi pamene bawuti imaonetsa ubwino wake: mumaisolola yonse, n'kulowetsa ndodo yopukutira kuchokera kumbuyo, osakhudza kukamwa kwa mpope kumene kukangokandika kulunjika kumatha.

Zipolopolo zokana kulira zakhalapo zowerengeka. Pa zipolopolo za mtundu wa rimfire ngati .22 LR, mankhwala oyatsira wonga amakhala m'mphepete mwa tsinde la chigoba, ndipo nthawi zina safika ponseponse. Ndimadikira masekondi 30 mfuti ikulozabe kutsogolo, kenako ndimachitulutsa, kuchizunguliza kuti firing pin (kamsomali kogunda chigoba) igunde pena, ndipo kawirikawiri chimalira. Chifukwa chomwechonso sindikoka trigger mulibe kanthu. Pa mfuti zambiri za rimfire, firing pin ikasowa mkuwa woti igunde imakagogoda m'mphepete mwa chemba n'kupatupitsa. Ndikafuna kuyeserera kunyumba ndimaikamo chipolopolo chapulasitiki.

Trigger yake inabwera yolimba komanso yokwekwereza pang'ono. Pofika bokosi lakhumi inali itasalala yokha, ngakhale kulimbako kukadalipo. Sindinaikhudze ndi tupa ndipo sindidzatero. Mfuti yanga imafunanso kukoka kachitsulo kakumbuyo kwa bawuti musanawombere, monga zimachitira mfuti za Crickett ndi Chipmunk. Ndikakhala ndekha zimanditopetsa zala. Koma tsiku limene ndinkaphunzitsa mlongo wanga, yemwe anali asanagwirepo mfuti, ndinakondwera nazo: chipolopolo chimodzi, chochita chimodzi pa nthawi, ndipo bawuti ikakhala yotsegula aliyense amaona ndi maso kuti mulibe kanthu. Kuchepa kwa chipolopoloku kusakupusitseni. Mabokosi ambiri amachenjeza kuti n'choopsa mpaka mtunda wa mailosi ndi theka, womwe ndi makilomita oposa awiri, ndipo mu mpope waufupi chimalira mokweza kuposa mu mfuti yaitali. Zotsekera m'makutu ndi magalasi sindisiya, ndipo ndimasamba m'manja ndisanagwire chakudya chifukwa cha mtovu.

Amene amakonda kumva mfuti ikulira motsatizana, iyi idzawagonetsa tulo. Bokosi limodzi limanditengera pafupifupi ola lathunthu, pamene woyandikana nane wa mfuti ya magazini amakhala atamaliza atatu n'kulongedza. Amenenso akufuna kuwombera choimirira apeze ya mpope waufupi.

Kodi ndingaigulenso? Mtundu wake inde, iyi yeniyeniyi ayi. Ndingafune ya bawuti yakumanzere, yokhala ndi kangalande kolongera, ndipo ndingapite kogula nditatenga chipolopolo chapulasitiki m'thumba, n'kupempha kuti ndilonge ndi kutulutsa kakhumi ndisanafunse n'komwe za kulunjika. Yangayi sindiigulitsa. Nkhukundembo za pa 75 zikundizembabe, ndipo m'kabuku muja ndalemba kale kuti ulendo wotsatira ndikweze scope pang'ono.