Kashopu ka ku Limbe komwe sathamangira kufomata kompyuta

Ngati kompyuta yanu ikukana kulowa mu Windows ndipo wina wakuuzani kuti hadi disiki yafa, musavomere msanga chonde. Chakufupi ndi msika wa Limbe kuli kashopu kakang'ono kokonza makompyuta komwe achimwene okonzawo amayamba afufuza kaye, ndipo ine andipulumutsira mafayilo a makasitomala anga onse, ma CV, makalata a sukulu, zithunzi za maukwati zomwe eniake sanazitenge mpaka pano.

Desktop yanga ndi ya kaunjika, yakalekale ndithu. Imati ikayaka timadontho tija tizungulirezungulire kenako sikirini ya buluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, basi nkuyambiranso yokha, choncho choncho osatha. Amene munagwiritsapo Windows 7 mukukumbukira kuti vuto lomweli linkabwera ndi nambala ya 0x0000007B. Komwe ndinayamba kupita sanatsegule nkomwe keisi, angoti bwana apa mpofunika disiki ina komanso tifomate.

Achimwene a ku Limbewa funso lawo loyamba linali la wotchi, kuti kodi deti ndi nthawi zakhala zikusokonekera? Eeh zimasokonekeradi, ine ndimangokonza nkumapitiriza ntchito. Anatsegula keisi nkuchotsa kabatire kozungulira kaja ka pa motherboard, CR2032, kamene kamayenera kupereka 3 volts, atayeza pa multimeter kanali katatheratu. Ndiye anandilongosolera bwinobwino mopanda kudzimva. Kabatireka ndi kamene kamasunga zomwe munasankha mu BIOS (kapulogalamu ka pa motherboard kamene kamayamba kuyaka Windows isanatseguke) kompyuta ikazimitsidwa ku soketi, kakatha zonse zimabwerera mmene zinachokera ku fakitale, kuphatikizapo mmene controller ya SATA (kachipangizo kolumikiza disiki ndi motherboard) imalankhulirana ndi disiki, kaya mwa njira ya AHCI kapena ya RAID. Windows yanga inaikidwa controller ili pa AHCI koma apa inali itadumphira pa RAID, ndiye poyaka Windows imanyamula driver (kapulogalamu koyendetsera chipangizo) ya AHCI nkupeza kuti controller ikufuna ina, disiki ili bwinobwino koma njira yokafikira palibe. Anaika batire latsopano, analowa mu BIOS, kubwezera pa AHCI, kuseva, Windows nkutseguka zonse zili mmalo mwake.

Chomwe chinandisangalatsa kwambiri nchakuti asanasinthe kalikonse anayamba ayatsa Linux ya pa flash (pulogalamu ina yoyatsira kompyuta mmalo mwa Windows) nkukopera mafayilo anga ofunika pa disiki ina, akuti sakhudza makina a munthu data isanatetezedwe. Anaonanso SMART ya disiki (lipoti lomwe disiki imasunga lokhudza thanzi lake) kuti atsimikize kuti siikudwala, ndipo kawaya ka SATA kanali kolobodoka anakasintha. Ndi amisiri angati amachita zimenezi masiku ano?

Podikira ndinatolako zina. Disiki ikapanda kuoneka ngakhale mu BIOS momwemo vuto silikhala la Windows ayi, yesani waya wina ndi port ina kaye, ndipo ngati ma port onse afadi pali kakhadi ka SATA kolowetsa pa PCIe (malo olowetsera makhadi pa motherboard) kotchipa kuposa motherboard yatsopano. Mukafuna kusintha dala kuchoka pa RAID kupita pa AHCI musangosintha, uzani kaye Windows kuti iyake mu Safe Mode (kuyaka ndi zofunikira zokhazokha), sinthani mu BIOS, ikalowa imadzitengera yokha driver yoyenera kenako muibwezere kuyaka kwa masiku onse. Panabweranso mayi wina ndi laputopu yatsopano ya Intel 11th gen akudandaula kuti poika Windows sikuona disiki iliyonse, achimwene aja anati ndi VMD imeneyo, njira ya Intel yoyendetsera disiki yomwe imafuna driver yakeyake, anaika driver yakeyo ya Intel RST pa flash disiki nkuoneka pompo.

Zodandaula zilipo ndithu. Malo ndi opanikiza kwabasi, mpando ndi umodzi, ndipo munthuyo ali yekha ndiye masana mzere umatalika, foni sayankha akakhala pa ntchito. Lisiti salemba pokhapokha mutachita kupempha, zimenezi sizinandisangalatse chifukwa ukusiya katundu wa ndalama zambiri mmanja mwa munthu opanda kapepala kalikonse, akonzepo pamenepa. Mtengo anandilipiritsa wa batire, waya ndi ntchito basi, sanandikakamize kugula china chilichonse. Pitani mmamawa, ndipo ngati ili laputopu mutenge ndi chaja chomwe.