Mafakitale ku Mchinji: akhale pamalo amodzi kapena amwazikane?

Khonsolo ya Mchinji ikafuna kukopa mafakitale oyenga mafuta a soya ndi mtedza, ili ndi njira ziwiri.

Yoyamba ndi kupatula malo amodzi pafupi ndi msewu wa M12 ndi njanji yopita ku Chipata. Pamenepo thiransifoma imodzi yamagetsi amphamvu oyendetsera makina akuluakulu (three-phase) imathandiza mafakitale angapo, paipi ya Central Region Water Board imakokedwa kamodzi, ndipo madzi oipa onse amapita kudamu limodzi. Vuto ndi ndalama zoyambira. Malo ambiri kumeneku ndi a makolo, choncho pamafunika kukambirana ndi mafumu komanso kupereka chipukutamisozi asanayambe kuyeza mapuloti. Chomwe chimapha njirayi kawirikawiri ndi kugawa mapuloti msewu ndi magetsi zisanafike: ogula amangozika njerwa m'malire n'kudikira kuti mtengo ukwere, malowo n'kumera tchire.

Yachiwiri ndi kulola aliyense kumanga kumene wapeza malo, kaya pa Boma kapena ku Kamwendo. Njirayi ndi yachangu, ndipo chigayo kapena makina osendera mtedza zimayeneradi kukhala pafupi ndi alimi. Koma fakitale yaikulu ikalowa pakati pa nyumba, malole amakumba misewu yafumbi nthawi ya dzinja, magetsi a m'makomo amachepa mphamvu injini ikangolizidwa, ndipo mwini wake amasowa pokulitsira.

Ife tikuti ang'onoang'ono akhale m'misika, koma akuluakulu apatsidwe malo awo motsatira lamulo la kagwiritsidwe ntchito ka malo la Physical Planning Act la 2016, magetsi atafika kale.